Mawaya pa Mutu wa Mustapha

Okondedwa Amayi,

Asalamu alaikum. Kaya mwadzuka bwanji ku Katuli kumeneko, nanga mwendo uja wasiya kutupa? Ine kuno ku Joni thupi lili bwino, koma mtima uli m'mwamba chifukwa cha mlongo wangayu.

Mustapha ntchito ya kushopu inatha. Ankati mufiriji ya zakumwa muli anthu akumunena, mpaka anaizimitsa. Mwana wanu wanthabwala uja pano amangokhala atatseka makutu ndi thonje.

Kuchipatala anamuveka chipewa cha mawaya n'kumamulizira kaphokoso kawiri motsatizana. Adokotala akuti ubongo umayendera timagetsi, ndipo wa anthu ambiri ukamva kaphokoso kachiwiri sulabadanso. Wa Mustapha umadzidzimuka ulendo uliwonse. Matendawa akuti ndi sikizofireniya, ndipo mbali ina munthu amabadwa nayo, imayenda kumtundu, ngakhale si onse amadwala.

Atandifunsa ngati kwathu kunali wina wotere, ndinakana. Ndinanama, Amayi. M'maso mwanga munali amjomba a Shafi, mlongo wanu, ali pa unyolo kuseri kwa nkhokwe, ife ana mukutiletsa ngakhale kuwapatsa moni.

Tsopano mwatumiza mawu kuti Mustapha ndimukweze basi, mukamutule kwa munthu wotulutsa majini wa ku Mozambiki uja, amene salola mankhwala a kuchipatala pakhomo pake. N'komwenso munapititsa amjomba. Mmene anabwererako mukudziwa ndinu.

Mankhwala amene Mustapha anapatsidwa kuchipatala anali atayamba kugwira. Ankadya, ankasamba osauzidwa. Koma chimvereni mawu anuwo, mapilisi ndikumawapeza pansi pa matiresi. Akuti sangamwe chinthu chimene mayi ake akana. Ndanyengerera, ndakalipa, ndalira, osatheka. Ashehe a kuno amabwera kudzamuchitira mapemphero a duwa, iwonso amuuza kuti azimwa, koma iye akudikira inu.

Pempho langa ndi limodzi. Muimbireni foni, mumuuze ndi pakamwa panu kuti akhale kuno azimwa mankhwala. Ndagwira mwendo wanu. Chibadwire sindinakukanirenipo kanthu, koma basi imeneyo sindimukweza, ngakhale mundinene kuti ku Joni kwandiwononga. Ndikuopa kwambiri, ndipo ndatopa.

Mundiperekere moni kwa ababa, kwa amjomba a Ibrahimu, kwa alamu anga ndi ana onse. A Shafi mukawaona, muwauze kuti Safia wapereka moni.

Ndine mwana wanu,
Safia