Galimoto inakana kukwera phiri

Amayi, kumeneko muli bwanji kodi? Kuno ku Chinamwali chiperoni chatsika, zovala sizikuuma pachingwe.

Muli ndi mdzukulu wina, wamkazi. Wabwera nthawi yake isanakwane, moti pamene ndikulemba pano ali kuchipatala, m'chipinda chofunda cha ana osakhwima, timapaipi tili m'mphuno. Dzina sitinamupatse, amake Yamikani akuti tione kaye. Yamikaniyo munamusiya akukwawa uja, pano ndi liwiro lokhalokha, ndipo sakuleka kufunsa kuti kamwana kabwera liti.

Kumunda kwanu tinakolola, koma chimanga chochepa, feteleza tinathira mochedwa. Nandolo yekha ndiye akuoneka bwino.

Ntchito ndi yomwe ija, yoyendetsa galimoto ya a Nkhoma, kunyamula anthu kuchoka m'tauni kupita ku Songani. Mafuta atasowa tinkatha tsiku lonse pamzere, ndiye ndinayamba kugula petulo wa m'zigubu, ngati anzanga onse. Posakhalitsa panayaka kagetsi kachikasu kutsogolo kwa chiwongolero, kojambula kainjini. Ife timakatcha cheki. Anzanga pasiteji anandiseka, amvekere, "Iwe Fanuelo, galimoto iti pano ilibe cheki? Mata tepi usamakaone, udwala nako mtima." Koma ine mtima sunagwire. Paja inu munkati mwana akasiya kudya usadikire kuti alire.

Ndinapita nayo kwa makaniko wina wa kompyuta pafupi ndi msika. Analumikiza chingwe, kudina kudina, kagetsi kaja zii. Akuti, "Basi bwana, yachira, inangodzidzimuka." Ndinabwerako wokondwa. Ndinkayesa kuti getsi likazima ndiye kuti matenda atha. Pamsewu wa ku Songani inkayenda ndithu, kungoti nthawi zina ukaponda moto inkakhala ngati yatsamwa.

Masiku amenewo amake Yamikani anali kuphiri kwa apongozi, omwe anathyoka mwendo, kukawagulitsira sitirobeli m'mbali mwa msewu. Tinkati nthawi ikadalipo. Lachiwiri masana apongozi anaimba foni: "Bambo a Yamikani, bwerani msanga, mnzanuyu matenda amuyamba." Ndinatsitsa anthu panjira pomwepo, akunditukwana, n'kukhotera kuphiri.

Nditangodutsa makona oyamba, kagetsi kaja kanayakanso. Galimoto inayamba kudukiza, ngati munthu wa ntchofu. Ndinaika giya yoyamba, kuponda moto mpaka pansi, koma mphamvu panalibe. Inazima. Kuliza, kuyenda pang'ono, kuzimanso. Amayi, ndinaipempha galimoto ija ngati munthu. Kenaka ndinaika miyala kumatayala n'kuyamba kuthamanga wapansi, chifunga chili tolo, osaona ngakhale mtengo.

Ndinakumana nawo akutsika phiri pa lole ya matabwa. Atatopa kundidikira, azimayi anzawo ananyamula amake Yamikani mpaka kumsewu, ndipo mwana anabadwira pomwepo, atatchinga ndi zitenje, mphepo ikuomba. Akuti anachedwa kulira. Ndinavula jekete yanga n'kupereka, ndi chokhacho chimene ndinathandiza tsiku limenelo.

Mawa lake tinaikokera galimoto ku Likangala, kwa Che Amidu, makaniko wachikulire amene a Nkhoma amamudziwa. Nawonso ali nayo kompyuta, koma iwo anayamba awerenga zimene ikunena. Akuti mpweya ukuchuluka, petulo akuchepa. Anamasula mapulagi, onse oyera ngati phulusa. Anachotsa mpando wakumbuyo n'kutulutsa pampu ya m'thanki, kasefa kake katadzaza matope ofiira, fungo la parafini lili guu. Anandinunkhitsa, n'kuti, "Achimwene, injini imafuna mpweya ndi petulo pamlingo wake. Inu mwakhala mukuimwetsa phala lamadzi. Pachidikha munthu wanjala amayenda, koma paphiri amagwa." Za makaniko woyamba uja anangopukusa mutu, akuti anathamangitsa mthenga, uthenga osaumva.

Anatsuka thanki, kusintha pampu ndi mapulagi. Pokaiyesa tinakwera phiri lonse mpaka pamwamba, osatsamwa ngakhale kamodzi. Che Amidu ankamwetulira. Ine ndinangoyang'ana kumbali pamene tinkadutsa miyala yanga ija, ikadali pamsewu.

Ndinawafunsa anamwino kuti ndikanafika msanga zikanasintha kodi. Anati mapapo a mwanayo ndi osakhwima, ndiye kuzizira kunamulowa. Ndimapita kuchipatalako m'mawa ndisanayambe ntchito, ndi masana ndikatsitsa anthu. Pambali pake pali makina, nawonso ali ndi kagetsi. Kakangophethira ndimathamangira kukaitana anamwino, mpaka akuti, "Bambo inu mutitopetsa, khalani panja." Anditopere, palibe kanthu. Dzulo mwana anamwa mkaka pang'ono wa m'kapu. Lero wakana. Amake Yamikani amangokhala atagwira kaphazi kake.

Amayi, ndili ndi pempho limodzi. Tili ana tikamakulondolani popita kumsika, munkatembenuka pamlatho, n'kuthyola kamtengo, mumvekere, "Bwererani kunyumba, wakuitanani ndani?" Tinkabwerera tikulira. Ndiye mukaona kamwana kopanda dzina kakubwera kumeneko, katsitsi kambiri, mphumi ngati yanu, musakanyamule. Ndikudziwa kuti ndi ana inu simupirira, koma musakanyamule chonde. Kakalipireni ngati mmene munkatichitira ife, kabwerere kwa amake.

Akatuluka ndimupatsa dzina lanu, ndipo akalimba ndibwera naye kumanda mudzamuone, ali kumsana kwa amake.

Ndimakukondani Amayi.

Ndine mwana wanu,
Fanuelo