Magalasi anu andibisira uthenga

Bambo a Pilirani,

Musadabwe kusandipeza pakhomo. Ndathamangira kuchipatala ku Boma. Achimwene anga a Lenard aterereka pathanthwe kuphiri la Chambe akutsika ndi katundu wa alendo, ndipo anzawo achita kuwanyamula pamachira. Akuti mwendo wathyoka, avulalanso m'mutu, sakuyankhula.

Uthenga unabwera m'mawa, koma ine ndauona masana ano. Paja maso akundiwawa, ndiye ndinavala magalasi anu akuda oyendera pa njinga yamoto aja popita kothyola tiyi. Foni itanjenjemera ndinaitulutsa, koma inali bii, osaoneka kanthu. Ndinaipukuta, kuidinadina, kenako ndinangoti batire yatha. Nditafika kunyumba ndinavula magalasiwo kuti ndisukusule, ndipo ndinaona foni ija ikuwala bwinobwino, mauthenga a Rosie, akazi a achimwene, ali mbwee. Nditawavalanso, mdima womwe uja, mpaka nditaipendeketsa foniyo m'pamene zilembo zinaoneka. Munandiuza kuti amatchinga kunyezimira kwa msewu, koma zoti amatchinganso foni simunanene! Mlamu wanga walira yekha m'mawa wonse, akuyesa ndikumunyalanyaza.

Pepani, ndatenga bulangete lanu latsopano, ndipo ndiwo sindinaphike. Pilirani akaweruka kusukulu mukamusiye kwa a Patricia kuseri kuno, inu munditsatire msanga, mwina kufunika magazi.

Amayi ku Milonde musawaimbire, chonde. Vuto lawo la mtima mukulidziwa. Ndikawauza ndekha achimwene akatsegula maso.

Ndine,
Amake Pilirani