Kambale ka Nyemba M'shopu

Wokondedwa msuweni,

Ukukumbuka tsiku lija azakhali anatipeza tikulimbirana mafuta a nyama otsalira m'poto, milomo ili nyezinyezi? Iwe unanamizira mphaka. Papita zaka makumi atatu, koma ndikakumbukira ndimaseka ndekha.

Kuno tili bwino, kaya inu kumeneko. Ine ndi mwendo wakumanja uja basi. Adokotala akuti mafuta achepetsa njira m'mitsempha, ndiye magazi sakufika bwino kuphazi. Ndikayenda pang'ono katumba amawawa, ndimaima pamsewu ngati ndikuwerenga zikwangwani.

Andiletsa zokazinga ndi mchere wambiri. Masana atelala anzanga amapita kukadya nyama pakona paja, ine ndimatsala m'shopu ndi kambale kanga ka nyemba ndi masamba. Poyamba ankandinena kuti, "Bwana mbuzi, udzu ukukoma?" Tsopano amangotuluka mwakachetechete. Sindinkadziwa kuti munthu angalakelake ngakhale kusekedwa. Kunyumba nako, chimwalirireni mlamu wako, palibe wolawa n'kundiuza kuti zapsa.

Makina osokera ndikuponda ndi phazi lamanzere, ndipo msoko umakhota. Chala chachikulu cha phazi lakumanja chayamba kuda. Adokotala anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anangoti Lachinayi likubwerali ndipite ndi wachibale.

Mwana wako wandiimbira foni kuti iwe wavomera kubwera Lachitatu. Zikomo. Ndidzakudikira kokwerera mabasi, pa benchi ya pafupi ndi chipata. Ukadzaona kuti sindikuimirira kukulonjera, usadzadandaule. Udzangokhala pambali panga.

Ndine msuweni wako,
Telala uja