Makalata Anu Sitinagulitse, Amayi Herlinda

Lero zakwana zaka makumi anayi ndi ziwiri, Amayi Herlinda Culebro Gordillo, kuchokera tsiku limene asilikali anakupherani pabwalo la sukulu imene munkaphunzitsa. Sitilemba kuti munatisiya. Anachita kukulandani m'manja mwathu dzuwa lili paliwombo.

Timakumbukira chaka chimene anthu a ku Guatemala, pothawa nkhondo, anayamba kuwoloka malire kulowa kwathu kuno ku Chiapas, mapazi ali magazi okhaokha, amayi ena atabereka ana amene anali atafera kale panjira. Munawatsegulira makalasi, ndipo m'nyumba yathu yosungiramo khofi munagoneka mabanja asanu ndi awiri. Bambo atadandaula kuti chimanga chitha, munaseka n'kunena kuti, "Rutilio, mimba yanuyo ili ndi nkhokwe yakeyake, musatilirire pano." Kenako munakhala pamakina anu otayipira. Munalembera bwanamkubwa, aphungu, abishopu ndi manyuzipepala a ku likulu, kupempha mankhwala, malata ndi zikalata zoti anthuwo asabwezedwe kwawo. M'kalata iliyonse munali mayina: uje anawotchedwa m'tchalitchi, uje anadulidwa khosi m'munda mwake. Munkatiuza kuti boma limameza chiwerengero mosavuta, koma dzina la munthu limalitsamwitsa.

Lachinayi limene anakuphani lija, asilikali a kutsidya anawoloka malire, mkulu wawo atanyamula imodzi mwa makalata anuwo. Ankafuna Eulalia Pascual, mayi amene anaona zonse ndi maso ake n'kukufotokozerani. Anakukokani ndi tsitsi kuchokera m'kalasi, anaika dzanja lanu pamwala wa pachitsime, n'kuyamba kuphwanya zala zanu ndi thako la mfuti, chimodzichimodzi, akubwereza funso lomwelo loti Eulalia ali kuti. Mwana wanu Amparo anali pawindo, ndipo mpaka lero amanena mawu amene anakumvani mukunena: "Dzanja ili mwamaliza. Lina nali." Anakuwomberani katatu. Nthawi yonseyo Eulalia anali m'nkhokwe mwathu, atakwiririka ndi chimanga, atatseka pakamwa pa khanda lake la masabata awiri.

Bambo anakutsatirani patatha zaka zinayi, asanatchuleko tsikulo ngakhale kamodzi. Amparo samatunga madzi pachitsime chija. Mwana wanu wina, Nicanor, anakula ndi mkwiyo umene ngakhale imvi zalephera kuuziziritsa. Eulalia akadali moyo, wakalamba, ndipo chaka chilichonse amabwera ndi nkhuku kudzakulirani nafe. Khanda lija ndi namwino tsopano, dzina lake Herlinda.

Mwezi wathawu kunabwera mwamuna wina wa ku likulu, wovala magolovesi oyera, amene amasonkhanitsa makalata akale a ndale n'kumagulitsa kwa anthu olemera. Anamva kuti tili ndi makope amene munkasunga m'chitini cha mabisiketi. Anawaunika padzuwa limodzilimodzi, koma chimene chinamusangalatsa kwambiri ndi pepala limene linali m'thumba la diresi yanu tsiku lija. Akuti magazi amakweza mtengo. Nicanor anamugwira pakhosi n'kumumenyetsa kukhoma mpaka mano awiri anagwera pansi, ndipo Eulalia akanapanda kulowa pakati ndi ndodo yake, bwenzi lero tikulemba nkhani ina. Mutikhululukire, Amayi. Tikudziwa kuti inuyo mukanamupatsa kaye khofi musanamuthamangitse.

Makalatawo tawapereka kusukulu imene adzukulu a anthu othawa nkhondo aja akuphunzirako, kuti aziwerenga okha mayina a azigogo awo. Pepala lamagazi lija tatsala nalo. Linali ndi mayina atatu amene simunathe kutumiza. Amparo wawalembanso bwinobwino, ndipo dzulo tawaponya kupositi ofesi, kupita kwa onse amene munkawalembera.

Malinga tikupuma, Amayi, dzina lanu silidzachoka pakamwa pathu.

Ndife ana anu Amparo ndi Nicanor, Eulalia ndi Herlinda, pamodzi ndi adzukulu onse.