Ndani Anavotera Tambala?

South Bend, 9 Malichi 2004

Okondedwa Malume Lameck,

Moni kwa inu ndi onse ku Mponela. Kodi bondo lija lasiya kuvuta? Ine ndili bwino, kungoti kuno kukuzizira ngati tinalakwira munthu.

Malume, sukulu yanga yafika pa mwana wakana phala. Paja ndikulemba za mmene maboma amasinthira. Njira yake ndi yofananitsa: umafunsa amene anafuna kusintha, umafunsanso amene anakana, kenako n'kuona pamene anasiyanirana. Ine ndinasankha riferendamu yathu ya 1993, ya nyali ndi tambala wakuda.

Miyezi inayi ndakhala ndikupita ku Indianapolis Lamulungu lililonse, tepi m'chikwama, kukafunsa Amalawi akatuluka m'tchalitchi. Ndafunsa anthu makumi atatu. Malume, onsewo akuti anavotera nyali! A Shadrick, anesi a ku Lawrence, akuti ankabisa makalata oletsedwa m'sokosi. Mayi Ida akuti apolisi anawathamangitsa mpaka kutaya nsapato. Winanso analumbira kuti anavota m'mamawa, koma nditawerengera zaka zake ndinapeza kuti anali Sitandade 4.

Aphunzitsi anga atamvetsera anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati ngati dziko lonse linali la ngwazi, tambala uja anamuvotera ndani, mizukwa? Akuti popanda wa mbali inayo palibe chofananitsa, ndipo mu Meyi sandilola kukhala pa mayeso otsiriza. Pobwerera kunyumba ndinalira m'basi ulendo wonse.

Tsono ndiulule. Ndinawauza kuti munthuyo ndili naye, ndi malume anga enieni.

Musakwiye. Ndikudziwa kuti masiku ano nanunso mumati munavotera nyali. Koma ine ndimakumbukira muli pachipata cha msika, mukubweza aliyense wopanda khadi la chipani, ngakhale amayi, mlongo wanu. Ndimakumbukiranso kuti zotsatira zitalengezedwa munazimitsa wailesi, osadya masiku awiri.

Sindikufuna kukuchititsani manyazi. Dzina ndidzabisa, ndidzangoti "mkulu wina wa m'chigawo chapakati". Ndikufuna mundiuze chimene munkaopa ndi chimene munkakonda. Palibe anakufunsanipo, nanenso ndinachedwa.

Ndatumiza makaseti awiri oti mujambulemo mawu anu kudzera kwa a Lucious, omwe akubwera kumudzi pa Isitala. Mukhale m'chipinda, mutseke chitseko, mulankhule. Ngwazi ndili nazo kale makumi atatu, Malume. Ndikusowa munthu mmodzi wonena zoona.

Mundiperekere moni kwa amayi ndi kwa Magdalene. Mulungu akusungeni, bondo nalo alikumbukire.

Ine mphwanu,
Mwaiwathu