Amuna Anga Akufuna Mfuti Yophera Chimbalangondo

Aphungu,

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuwerenga tsamba lanu n'kumaseka mavuto a anzanga. Lero chili pa ine. Funso langa ndi ili: mfuti yaing'ono yam'manja yabwino yodzitetezera ku chimbalangondo ndi iti? Musaseke kaye. Ndikudziwa kuti kuno ku Thamesmead, mu London, chilombo chachikulu ndi nkhandwe yogubuduza mabini.

Mwana wathu Margaret akukwatiwa mu Ogasiti ndi mnyamata wa ku Canada, dzina lake Felton, amene anakumana naye ku yunivesite ku Greenwich. Ukwati ukachitikira kwawo kwa mwamuna, kumapiri. Banja lawo lili ndi mwambo woti ukwati ukayandikira, azibambo a mbali zonse ziwiri amapita kunkhalango masiku atatu, kumagona m'matenti, kuti adziwane. M'nkhalangomo muli zimbalangondo, ndiye nthawi zonse amalemba munthu wodziwa njira woti aziwatsogolera.

Vuto ndi pakamwa pa amuna anga, a Biswick. Mu 1998 tinali ku Ntchisi, iwo ali ahedi pasukulu ina ya pulayimale, ine ndili mkazi watsopano. Tsiku lina masana vumbwe analowa m'nyumba akuthamangitsa nkhuku. Ahedi anakwera patebulo ndi nsapato zomwe, akukuwa kuti, "Mable! Mable!" (Ndadzitchula kale, zisiyeni.) Ine ndinatenga munsi, kumenya kamodzi, nkhani n'kutha. Aphunzitsi anzawo atathamangira kudzafunsa za phokosolo, anapeza ahedi atatsika, atagwira vumbwe kumchira. Anati amupha ndi iwo, n'kundiyang'ana. Ine ndinati, "Eya, ndinalipo."

Aphungu, vumbwe ameneyo amakula tikasamuka. Titapita ku Lilongwe anasanduka fisi. Titatsika ndege kuno ku London anali nyalugwe wathunthu, ndipo chipsera cha pamwendo chimene anachipeza atagwa panjinga chinasanduka cha zikhadabo. Nkhaniyi yakambidwa kutchalitchi, pachinkhoswe, pabasi, ngakhale pamaliro. Akafika pachimake amati, "Funsani mayi awa," ine n'kuti, "Ndinalipo." Margaret ali ndi zaka khumi anandifunsa kukhitchini kuti, "Mum, wasn't it a hyena last Christmas?" Ndinamupatsa bisiketi kuti pakamwa patanganidwe.

Mundifunsa chifukwa chimene ndinkavomerera. Kumudzi munthu uyu ana mazana asanu ankaimirira iye akamadutsa. Kuno wakhala zaka khumi ndi zisanu akukwera basi yoyamba m'mamawa kukasambitsa nkhalamba za eni kunyumba yosamalira okalamba, ena mwa iwo akumuitana dzina lolakwika mpaka lero. Sanadandaulepo. Nyalugweyo ndiye udindo wokha umene anawoloka nawo nyanja, ndipo ine ndinalibe mtima womulanda.

Mwezi watha tinkacheza ndi asewele pafoni ya kanema. Bambo ake a Felton ndi mzungu wamtali wa ndevu zoyera, wosakonda zolankhula. Amuna anga anayamba ya nyalugwe, ndipo tsiku limenelo nyalugweyo anali wamkazi, ali ndi ana awiri. Asewele anamvetsera mpaka kumapeto osaphethira, kenako anati chaka chino palibe chifukwa cholembera wotsogolera. "We have the leopard man," anatero. Margaret anaomba m'manja, ati, "Dad, you're a legend!" Amuna anga anaseka kwambiri, koma foni itangodulidwa anapita kuchimbudzi kawiri.

Chiyambire tsiku limenelo m'nyumba mulibe mtendere. Akaweruka amakhala pafoni kuonera azungu a ku America akuombera zitini. Agula kope, alemba mzere pakati ngati ahedi enieni, mbali ino "Ubwino", mbali inayo "Kuipa". Mfuti zatsala ziwiri. Ina ndi yolemera, yozungulira, ya zipolopolo zisanu ndi chimodzi, akuti ndi yamphamvu ndipo siikakamira. Ina ndi yopepukirapo, ya zipolopolo khumi ndi zisanu. Mtima wawo uli pa yachiwiriyi, akuti munthu ukhoza kuphonya kakhumi ndi kanayi n'kukhalabe ndi chiyembekezo. Uyu ndi munthu woti sanagwirepo ngakhale legeni. Dzana ndinawapeza pagalasi akuyeserera ndi chowumitsira tsitsi changa.

Mpaka pamenepo ndinkangoseka. Koma ali ndi mnzawo wa ku Zambia amene amagwira naye ntchito, a Wilbroad, munthu wodziwa aliyense ndi chilichonse. Ndinawamva pafoni akuti, "Ba Biswick, musavutike. Niziba muntu ku Romford. Pa Saturday tizayenda, no questions." Mapulani awo ndi oti akagule mfuti kwa munthu ameneyo, ikulungidwe m'suti ya ukwati, ilowe m'sutikesi.

Amuna anga ndinawakhazika pansi. Ndinati, "Bambo, bwanji tingowauza zoona asewele?" Iwo anati, "Ukufuna Margaret akalowe m'banja la eni ngati mwana wa munthu wokwera patebulo?" Aphungu, ndinazizidwa. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti tebulo lija analiiwala. Misozi inalengeza m'maso mwawo, ndipo ine ndinawamvera chisoni kuposa tsiku la vumbwe.

Loweruka lake ndi la sabata yamawa. Ndikaulula, ndawavula pamaso pa mwana wawo. Ndikakhala chete, ndikuopa kuti tsiku la ukwati sipadzakhala womugwira mkono Margaret polowa m'tchalitchi. Ndithandizeni. Ngati palibiretu njira ina, ndiuzeni mwa mfuti ziwirizo imene siingawaombere phazi.

M.C., Thamesmead


Mayi M.C.,

Mwa ziwirizo musankhe iti? Palibe. Kope lija ling'ambeni, mukulungire mbatata.

Tiyambe ndi zosaseketsa. M'dziko muno mfuti zam'manja ngati zimenezo n'zoletsedwa, ndipo munthu wamkulu wopezeka nayo chilango chake chimayambira zaka zisanu m'ndende. Woweruza sadzafunsa za chimbalangondo. Ntchito yosamalira okalamba idzathera pomwepo, mapepala okhalira m'dziko muno adzagwedezeka, ndipo munthu wa "no questions" wa ku Romford uja mwina ndi wapolisi amene ali ndi mafunso ambiri kuposa inu. Akapulumuka apo, pabwalo la ndege makina sachita manyazi ndi suti ya ukwati. Akapulumukanso apo, ku Canada nako mlendo saloledwa kungoyenda ndi kamfuti m'thumba, ndipo m'nkhalango zotetezedwa ndi boma ndiye n'zosayerekeza n'komwe. Mipanda itatu imeneyo munthu wa patebulo sangaidumphe.

Choncho Loweruka limenelo a Biswick sapita ku Romford. A Wilbroad muwaimbire nokha lero, mwaulemu, muwauze kuti zikachitika dzina loyamba kutchulidwa kupolisi ndi lawo. Mudzaona mmene munthu wodziwa aliyense amaiwalira manambala a foni.

Tingoyerekeza kuti mfutiyo aipeza. Chimbalangondo chokwiya chimathamanga kuposa munthu wa panjinga, ndipo munthu amakhala ndi kamphindi kongokwanira kunena "mayo". Alenje ozolowera amaphonya. Nanga wa chowumitsira tsitsi? Pa zipolopolo khumi ndi zisanu, khumi zidzapita kumwamba, zinayi m'tenti, chotsalacho mwa asewele. Anthu a kumeneko amanyamula chitini cha utsi wa tsabola chopoperera chimbalangondo kumaso chikayandikira. Akagule komweko, akaphunzitsidwe kagwiritsidwe kake, ndipo akachisiye komweko, poti m'ndege sichiloledwa ndipo kuno nachonso ndi mlandu. Muwauze kawiri kuti si mankhwala a udzudzu, asadzipake. Chakudya asagone nacho m'tenti, ngakhale kachiponde kobisa. Akakumana nacho chilombocho asathamange, azibwerera m'mbuyo pang'onopang'ono pamodzi ndi anzawo. Matebulo m'malo ena ogona alendo aliko ndithu, koma chimbalangondo chikaimirira chidzangoyang'anana nawo maso ndi maso.

Wotsogolera uja abwerere pantchito. Apa simufunika kuulula chilichonse. Imbirani amayi ake a Felton, azimayi nokhanokha, muwauze kuti inu simugona tulo ndipo simulola mwamuna wanu kulowa m'nkhalango yachilendo popanda mwini njira. Mantha akhale anu. Mwawanyamulira bodza zaka zonsezi, mantha a masiku atatu sangakuthyoleni msana. Ndiponso ine ndikukayika ngati wotsogolerayo anachotsedwadi. Munthu wokulira pakati pa zimbalangondo amamudziwa mlenje pakayankhulidwe. Mzungu wanu wosaphethirayo ndikumuganizira kuti foni itadulidwa anaseka mpaka kugwira nthiti. Mwapeza asewele achipongwe, ndipo ine ndawakonda.

Pali nkhani yabwino. Odziwa za zimbalangondo amati chida choyamba ndi phokoso. Chilombochi sichikonda kudzidzimutsidwa, chikamva anthu akubwera ali gulu nthawi zambiri chimapatuka chokha. Ndiye amalangiza kuti poyenda muzilankhula mokweza osalekeza. Mayi, Mulungu anawakonzeratu amuna anu. Akangolowa m'nkhalango ayambe ya nyalugwe, kuyambira pamene nkhuku inalowa, mokweza ngati ali pamzere wa ana asukulu. Ikatha ayambirenso. Kwa nthawi yoyamba nkhani imeneyi idzateteza anthu, ndipo ndikukhulupirira kuti zimbalangondo za m'dera limenelo zidzasamuka monga amachitira a kutchalitchi kwanu nkhaniyo ikayamba.

Tsopano inu. Musadziyeretse. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakupeza, ndipo milomo inasiyidwa ku Ntchisi ndi iwiri. Vumbwe munamupha ndi munsi, koma nyalugwe mwamulera ndi "ndinalipo". Sindikukudzudzulani kwambiri, poti ndaona chifukwa chake. Ndakhala m'zipatala za kuno zaka zokwanira kuona ahedi, amejasitiriti ndi abusa akukolopa pansi, aliyense ali ndi nyalugwe wake m'thumba. Koma chilombo chikayamba kutuma mwamuna wanu kwa ogulitsa mfuti, chakula mokwanira.

Chimene amuna anu akuopa si chimbalangondo. Anakuuzani okha: akuopa maso a Margaret. Ndiye werenganinso kalata yanu. Mwana amene anaona fisi akusanduka nyalugwe ali ndi zaka khumi, mukuganiza kuti bisiketi inamufufuta nzeru? Akudziwa, mayi. Mwina za tebulo sakudziwa, koma akudziwa kuti bambo ake sanaphe nyalugwe, ndipo wakhala akudziwa zaka zonsezi. Komabe anaomba m'manja. Ankaombera munthu amene ankamumva akutseka chitseko mwakachetechete kukakwera basi yoyamba, chisanu chili pamsewu, kuti iye akafike ku Greenwich. Muuzeni Margaret za Loweruka lija, osabisa. Kenako muwasiye awiriwo pabalaza, inu mukapange tiyi wochedwa kuwira. Zimene bambo akufunika kumva sizingachokere kwa ine kapena kwa inu.

Chenjezo langa ndi ili. Za tebulo musazitulutse pagulu, ngakhale mutakangana chotani, ndi katundu wa m'chipinda. Koma akabwerako kunkhalango, paphwando la ukwati, adzaimirira ndi tambula m'manja, ndipo gologolo aliyense amene anamuona panjira adzakhala atamera mano. Adzatembenukira kwa inu n'kunena kuti, "Funsani mayi awa." Pamenepo mumwetulire, muwagwire dzanja, munene mawu amene akhala akukudikirani chiyambire 1998: "Ayi bambo, uko kunalibe ine."

Aphungu