Muwapezere Abambo Kagalu

Etwatwa, Benoni
14 Julaye 1996

Achemwali anga a Ida,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kaya mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno ku Joni ndili bwino, kupatula chisanu. M'mawa madzi amachita kuuma m'ndowa, zoti nditakanena kwathu ku Balaka anthu angati machona ayamba mabodza.

Kalata yanu anabwera nayo a Kenneth, ndipo mtima unandiwawa. Mwati chimwalirireni amayi, abambo sachoka pakhonde, chakudya amangolawa, ndipo sitima ikamadutsa satembenuka n'komwe, munthu woti anakalambira pantchito ya njanji. Ndili ndi pempho limodzi, koma muyambe mwamva za abwana anga.

Ndimasamala maluwa kwa mzungu wina wokalamba ku Benoni, amene anapuma ntchito kumgodi kalekale. Akazi awo anamwalira, ana ali kunja. Amakhala ndi kagalu kamiyendo yaifupi, koyenda ngati bakha. Nditangoyamba ntchito ndinkaseka chamumtima: galu kugona pabulangete, galu kupita kwa dokotala, galu kusamba sopo wonunkhira kuposa wanga! Ndinkati uku n'kusowa chochita.

Miyezi yapitayi abwanawa anagwa m'bafa n'kukagonekedwa kuchipatala. Atabwerako anangodzitaya pabedi, osafuna kudya, osafuna kumeta ndevu. Mwana wawo anaimba foni kuti bola apite kunyumba yosungira okalamba. Koma kagalu sikadziwa zoti munthu wavulala m'chiuno. M'mawa uliwonse kankabwera katanyamula chingwe chake pakamwa, n'kumalira pakhomo la kuchipinda. Ndinati ndikayendetse ine, kanakhala pansi n'kundiyang'ana ngati mlendo. Mapeto ake abwana anadzuka akutukwana m'chilapalapa chakumgodi, anatenga ndodo, anakafika pageti. Pano amayenda mpaka kusitolo, ndipo amabwerako ndi njala. Za kunyumba ya okalamba zija zinazima. Anandiuza okha kuti akanafa, koma analibe womusiyira galu.

Tsiku limenelo ndinakumbuka Tilekeni, galu wathu wofiira uja, amene abambo anamutcha choncho poyankha anansi amiseche kumalayini a njanji. Ankawaperekeza kuntchito m'mawa, madzulo n'kukawachingamira pamlatho. Amayi ankamuthamangitsa kukhitchini ndi chikuni, koma makoko a m'poto ankamusungira ndi iwo omwe.

Mukukumbukira awiriwo akayambana? Sankalankhulana maso ndi maso. Abambo ankati, "Tilekeni, kawauze amako kuti malaya anga alibe batani." Amayi nawo ankamutuma galu yemweyo kuti akanene kuti singano sinasamuke, ili pomwe imakhala. Tilekeni ankangogwedeza mchira pakati pawo, ife tikubisa nkhope, mpaka mmodzi wa iwo n'kuphulika kuseka. Ndimawasowa masiku amenewo, achemwali, ndimawasowa kwambiri.

Pempho langa ndi ili. Mutenge thadzi langa lakuda lija mukasinthanitse ndi mwanagalu kwa a Bonaventure, poti a Kenneth akuti galu wa kumeneko waswa. Ndikudziwa muti galu amaba mazira, ndiponso madeya chaka chino ndi ovuta. Zoona. Koma mazira nkhuku zidzaikira ena, abambo tili nawo amodzi.

Musawauze kuti kagaluko ndi kawo, akana. Mukuwadziwa, safuna kumveredwa chisoni. Munene kuti ndi kanga, andisungire mpaka ndidzabwere pa Khirisimasi. Chinthu cha mwini abambo sanachilekererepo, adzadzuka ndithu kukafunira chakudya. Inu musamakadyetse, ngakhale kalire bwanji, kazilirira iwowo. Dzina musakapatse, akatche okha.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a ku Utale, kwa amalume ndi kwa ana onse. Trust mumuuze kuti nsapato zake sindinaiwale. Abambo muwagwire chanza m'malo mwanga.

Tsiku lina mukadzawamva akulankhula ndi kagaluko pakhonde, musadzawadule mawu kapena kuganiza kuti mutu wasokonekera. Abambo akadali ndi zambiri zowauza amayi, angosowa womutuma.

Ndine mlongo wanu wokukumbukani nthawi zonse,
Japhet